Kapitawo wa M'mbiya ya Kabichi

Kumudzi, kunsi kwa phiri la Sitno,
18 Epulo 2017.

Okondedwa akulu anga a Otilia,

Kalata yanu ya mu Janyuwale ndinailandira, ya mu Malichi nayonso inafika bwino. Musaganize kuti ndinafa kapena ndinakwiya. Kukwiya kokha ndinakwiyako pang'ono, sindinama, koma chimene chinandichedwetsa kuyankha n'china. Zilembozi zikamakhota musadabwe, cholembera changa n'chachabechabe.

Ndakondwa kumva kuti kunyumba ya okalamba kumene muli ku Kanadako n'kofunda chaka chonse, amakuphikirani, amakuchapirani, ndipo palibe poti munthu n'kupunthwa. Ambuye atamandike. Ndamvanso, ngakhale izi simunalembe, kuti inu ndi mwana wanga Radovan mwakhala mukuimbirana foni za ine. Akulu anga, munthu amene ndinagona naye bedi limodzi zaka khumi ndi zisanu sangandibisire mawu ake. Tsiku limene Rado anati, "Amayi, munthu wa zaka zanu kukhala yekha n'kuyesa Mulungu," ine ndinangoti mumtima, awa si mawu a Rado, awa awoloka nyanja.

Ndiye pangano lathu mukulidziwa. Chichitireni opaleshoni ya m'chiuno ija, mwanayu wandipezera malo kunyumba ya okalamba ku Bratislava, wapezanso munthu wofuna kugula nyumba ya bambo athu ino. Mu Okutobala anabwera, anatulutsa mbatata ndi kabichi m'chipinda chapansi, nakhoma loko wamkulu pachitseko chake, kiyi n'kuponya m'thumba. Anati, "Amayi, masitepe amwala khumi ndi anayi awa ndi amene adzakupheni. Mukamaliza chisanu chino osagwa, mukhala. Mukagwa kamodzi kokha, basi, ndikubwera ndi galimoto." Ndinavomera, tinagwirana chanza. Tsopano imvani zimene mng'ono wanu wachita.

Sabata yachiwiri ya Janyuwale kunazizira koti ngakhale akhwangwala anasiya kulira. Nkhuni zinali zitatha mpaka pansi pa mulu, paja pamene wagundana ndi phiri. Ndinakokapo chipika chowola, ndinachiika pafupi ndi chitofu kuti chiumeko, ine n'kuyamba kufulula khofi. Potembenuka, abale inu! M'chipika muja mukutuluka salamanda, kanyama kooneka ngati buluzi, pang'onopang'ono, mwendo umodzi kenako wina. Wakuda bii, khungu lonyezimira ngati la chule, madontho achikasu kuyambira kumutu mpaka kumchira, kutalika kwake ngati dzanja langa. Ndinakumbukira tsiku lija munaponda wina kukasupe, mukuti ndi buluzi wa mfiti, n'kutaya mkaka wonse mukukuwa ngati mwaona mzukwa. Ndinaseka ndekha m'khichini mpaka kutsokomola.

Apa ndiye ndinachita zopusa, ndipo ndikuvomera. Inu mukudziwa mmene amayi anatilerera: mlendo akafika m'chisanu, choyamba aothe, chachiwiri adye, mafunso pambuyo. Ndinatenga katoni ya nsapato, ndinayalamo sokosi yaubweya ya malemu amuna anga a Vendelin, ndinaikamo kambale ka mkaka ndi kachidutswa ka nyama ya nkhumba, katoniyo n'kuikhazika pabenchi kuseri kwa chitofu, pamalo ofunda kuposa onse m'nyumba muno. Ndinagona mtima uli mbee, ndikuti ndachita zachikhristu.

Kutacha, kanyama kaja kanali katafota. Khungu linali litachita makwinya, kunyezimira konse kutatha. Pakhosi pokha ndi pamene pankagunda.

Mwamwayi nthawi yomweyo anafika a Imrich. Mukuwakumbukira, a tsidya la msewu, amene ankagwira ntchito mumgodi limodzi ndi a Vendelin. Tsopano ndi nkhalamba, fumbi la mumgodi linawadya mapapo, koma pakamwa mpomwe paja. Anasuzumira m'katoni muja n'kundiyang'ana.

"Amake Rado, mukuphika chiyani umu?"

"Ndi mlendo," ndinatero. "Akuotha."

"Akuotha? Mwangoiwala mchere ndi anyezi basi! Mayi inu, mwana wa munthu wa mumgodi, mkazi wa munthu wa mumgodi, osadziwa izi? Anyamata amenewa ndakumana nawo zaka makumi atatu m'migodi yakale, ataunjikana pamwala wonyowa. Nyengo ino amagona. Safuna moto wanu, safuna mkaka wanu. Amafuna mdima, chinyezi, ndi kuzizira kosaumitsa madzi."

"Ndiye ndimubwezere panja?"

"Panja lero afa musanatseke n'chitseko chomwe. Dothi lauma gwa, alowa pati? Kwanga mukudziwa, chipinda chapansi ndinathiramo simenti n'kuikamo makina otenthetsa nyumba. Malo ake ndi chapansi chanuchi."

Tonse awiri tinayang'ana loko wa Rado uja. A Imrich anakanda m'mutu n'kuti, "Ine sindinanene kanthu."

Akulu anga, Rado ndi wophunzira, koma sanakhomepo ngakhale khola la nkhuku. Loko anagula wodula ndithu, koma kachitsulo kokolowekapo anakamanga ndi timisomali tinayi tozungulira, mitu yake ili kunja. Ndinangotenga sikuludiraiva ya malemu. Lokoyo ali chitsekere mpaka lero, palibe anamuthyola.

Tinatsitsirako mbiya yaikulu ija amayi ankasasitsiramo kabichi. Ndinaitsuka katatu, ndinayalamo dothi, masamba onyowa, ndere za pakhoma ndi khungwa loti azibisalamo, pamwamba n'kuvundikira ndi sefa. Ndinaimbiranso foni anthu oteteza zachilengedwe, paja nyama zimenezi lamulo sililola kungozisunga. Anayankha mtsikana waulemu. Anati a Imrich anena zoona, ndimusunge kozizira, ndisamamugwiregwire, ndizisamba m'manja chifukwa khungu lake limayabwa, ndipo chipale chikadzasungunuka ndidzamubwezere kwawo. Patapita masiku atatu khungu linayambanso kunyezimira. Ndinakhala pasitepe yomaliza n'kulira ngati mwana.

Dzina anamupatsa ndi a Imrich. Anati, "Taonani jekete lakuda, mabatani agolide, ngati yunifolomu ya pachikondwerero cha mgodi. Ndiponso sagwira ntchito, amangokuyang'ana. Uyu ndi Kapitawo." Ine sindinatsutse, chifukwa a Vendelin tinawaika m'manda atavala jekete lomwelo, ndipo ndinkati ndikavundukula khungwa lija mtima unkachita kufunda.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wa ntchito. M'mawa uliwonse ndikakoleza chitofu, ndinkatsika chafutambuyo, ndodo dzanja ili, kabotolo ka madzi a chipale dzanja linali, chifukwa a pampopi a Imrich anawakana. Kuwaza masamba, kuona choyezera kuzizira, kukazizira kwambiri kutseka kazenera ndi bulangete lakale, kukafunda kutsegula. Chimene chinkandipweteka n'chakuti mlendo wanga sankadya. Milungu ndi milungu m'nyumba mwanga, osalawa kanthu! Amayi akanamva akanandikana. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinaugwira mtima.

Kumayambiriro kwa Febuluwale Rado anabwera. Ndinabwezera timisomali tija galimoto isanaime n'komwe. Analowa, anakoka loko uja kawiri, n'kumwetulira. "Koma ndiye amayi mwayamba kumvera!" Ndinamuphikira timitanda ta mbatata tothira tchizi cha nkhosa, anadya mbale ziwiri.

Tsopano ndinene zimene ndakhala ndikuzizungulira. Cholembera changa chilibe vuto, akulu anga. Ndi dzanja.

Pa 21 Febuluwale kunayamba kwafunda, kenako chisanu chinabwerera mwadzidzidzi. Nditadzuka ndinaona zenera lachita madzi oundana mpaka mkati, mtima unalumpha, ndikuti Kapitawo wauma. Sindinakoleze moto, ndinangothamangira pansi ndi zovala zogonera. Madzi aja amadontha pakhoma chikumbireni bambo chipindacho anali ataundana n'kuchita poterera pasitepe yachisanu ndi chinayi. Ndinangomva ndodo ikupita kwina, ine kwina. Podzidzimuka ndili chagada pafupi ndi mbiya, dzanja lamanja litathyoka, chiuno chikukana kudzuka.

Ndinagona pamenepo maola anayi. Ndinaopa, sindikubisirani. Ndinaitana a Vendelin, ndinaitana amayi, ndinakuitanani inunso amene. Kuzizira kunalowa mpaka m'mafupa, ndipo ndinayamba kumva tulo tokoma timene bambo ankati munthu usamatilole. Ndiye ndinkayankhula ndi Kapitawo kuti ndisagone. Ndinamuuza kuti, "Iwe, ine ndikafa pano, Rado ndi akulu anga adzati tinkanena ife. Zimenezo zokha sindilola."

Paja mwambo wa kuno simunauiwale: munthu ukadzuka, umayamba wayang'ana chumuni cha mnzako. A Imrich anaona kuti dzuwa lakwera koma kwanga kulibe utsi. Anatenga kiyi pansi pa mphika wa maluwa, anaona chitseko chapansi chili pululu, n'kutsika akutsokomola.

"Amake Rado! Mwasamukira konkuno?"

"Taonani kaye m'mbiyamo," ndinatero. "Ali moyo?"

Anasuzumira. "Ali bwino kuposa inu. Mutu wanuwu ngakhale baruti wophulitsira miyala sangauswe."

Kundinyamula sakanatha. Ndinakwera chokhala, sitepe imodziimodzi, iwo akukankha n'kupumira m'mwamba, ine ndikutukwana. Anthu awiri, zaka zathu kuphatikiza zana ndi theka. Titafika pamwamba anandifunditsa, anandimwetsa kachasu wawo wa mapulamu. Kuchipatala anandiika chikhakha milungu isanu ndi umodzi. N'chifukwa chake makalata anu anakhala osayankhidwa.

Mwina mukuti ndinasiya kutsika. Ayi ndithu! Ndinathira phulusa pamasitepe, ndipo ndinkatsika chokhala, a Imrich ataima pamwamba akuwerenga mokweza ngati mphunzitsi. Ndinajomba masiku awiri okha a kuchipatala. Rado akaimba foni ndinkati zonse zili bwino. Mu Malichi ntchito inamupanikiza, sanabwere, ine n'kuti Mulungu ali mbali yanga.

Chakumapeto kwa Malichi Kapitawo anayamba kuyendayenda. Ndinakumba nyongolotsi padzala ndi dzanja lamanzere, ndinamuikira. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako kwapu! Akulu anga, ndaphikirapo ukwati wa anthu zana, koma sindinanyadirepo chonchi poona munthu akudya. Mtsikana wa zachilengedwe uja anati ndiikemo beseni laling'ono la madzi a kukasupe. Ndinaika. Patapita masiku anayi ndinapeza m'madzimo muli tinthu tikusambira, tonga mbululu koma tamiyendo inayi, tokhala ndi tinthenga m'mbali mwa mutu. Ndinawerenga katatu: makumi awiri ndi titatu.

"A Imrich! Tatsikani! Kapitawo wabereka!"

Anatsika, anavala magalasi, anavulanso. "Zaka makumi atatu mumgodi, sindinaonepo kapitawo atapanga chinthu chaphindu. Ndiye kuti nthawi yonseyi ndi mayi? Pepani mayi." Anavula chipewa, kupepesa kanyama.

Chikhakha anandichotsa pa 4 Epulo. Loweruka lake Rado anafika, kukugwa kamvula kofunda, kaja kamasungunula chipale chotsalira m'zigwa. Ndinali nditabwezera timisomali, nditavala juzi ya manja aatali. Anakoka loko, anakhala patebulo, n'kunena mawu amene ndinawadikira miyezi isanu ndi umodzi.

"Amayi, mwapambana. Chisanu chatha, simunagwe. Wogula uja ndimuuza aiwale."

Nyumba inali yanga, akulu anga. Ndikanangoti zikomo mwanawe, n'kumuthirira supu. Koma ndinamuyang'ana mwana uja, imvi zayamba kale m'mbalimu, akusangalala kuti mayi ake anamumvera. Ndinaona kuti chinthu chimene ndikunyadira kuposa zonse chaka chino ndikuchibisa ngati ndaba. Komanso mbiya ija inkafunika kuitulutsa tsiku lomwelo, ndipo mwamuna wamphamvu anali yekhayo.

Ndinadzuka, ndinatenga sikuludiraiva, n'kumasula timisomali tija iye akuona. Anangoti kukamwa yasa. Ndinapinda juzi, ndinamuonetsa dzanja loonda, losupuka. Ndinamuuza zonse, sitepe yachisanu ndi chinayi, maola anayi, utsi wa pachumuni.

"Chifukwa cha buluzi?" anakuwa. "Amayi, mukanafa chifukwa cha buluzi?"

"Si buluzi. Ndipo si mmodzi. Tsika ukanyamule, ndili ndi dzanja limodzi."

Ananyamula, nkhope ili ndii. Tinadutsa m'munda mpaka kukamtsinje kaja kamachokera kukasupe, ine patsogolo ndi beseni, iye pambuyo ndi mbiya. Tiana tija ndinatithira padziwe lodekha pansi pa mizu, tinangoti balala. Kapitawo tinamuika pandere. Anakhala kaye phee, mvula ikumugwera, chikasu chake chikuwala. Kenako anayamba kuyenda monga amayendera, osafulumira, osacheuka, mpaka analowa pansi pa mwala. Ngakhale zikomo, ayi. Kapitawo weniweni.

Ndinamuuza Rado za katoni ya nsapato. Ndinati, "Mwanawe, ine kanyama aka ndinatsala pang'ono kukapha ndi chikondi. Ndinakapatsa malo ofunda kuposa onse, chakudya pafupi, sokosi ya bambo ako. Sindinalakwe mtima, ndinalakwa malo. Iwenso sukulakwa mtima. Koma pangano ndi pangano, ndinagwa. Ukabwera ndi galimoto udzandipeza nditakonzeka."

Anabweza mbiya, anakwera galimoto, supu osaikhudza.

Sabata yonse foni inali zii. Ndinatsitsa sutikesi, ndinalongedza zithunzi, malaya, korona wa amayi. Nkhuku ndinawalonjeza a Imrich, iwo n'kuti safuna nkhuku zamakani ngati mwini wake, kenako anatuluka msangamsanga akuti utsi wawalowa m'maso. Moto unali usanakolezedwe.

Loweruka Loyera m'mawa ndinamva galimoto. Ndinavala chikhoti, ndinakhala pampando, sutikesi pambali. Ndinali nditalumbira kuti misozi sandiona nayo. Rado analowa, anayang'ana ine, anayang'ana sutikesi.

"Mukupita kuti?"

"Si wabwera ndi galimoto?"

"Ndabwera ndi galimoto, eya. Mapaipi awa ndikanawanyamula pamutu?"

Akulu anga, m'galimotomo munali mapaipi achitsulo, makina obowolera mwala, nyale, ndi mphira wa pamasitepe. Anagwira ntchito tsiku lonse, a Imrich akumulamulira ali pampando. Anabowola pokhota kawiri, anadzipweteka chala, anatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Pofika madzulo panali chogwirira kuyambira pamwamba mpaka pansi, mbali zonse ziwiri. Anati, "Tsikani ndione." Ndinatsika choimirira, nkhope kutsogolo, koyamba chichitireni opaleshoni. Anali pansi akundidikira, manja atatambasula, koma sanandigwire.

"Mukadzagwanso, ndidzamve kwa inu, tsiku lomwelo," anatero. "Osati pakatha milungu isanu ndi umodzi. Chimene chandipweteka ndi chimenecho, amayi, osati loko."

Pamenepo lumbiro langa la misozi linathera pompo. Anawonjezera kuti chisanu chikubwerachi tidzakambirananso. Ndinati tidzakambirana, pakamwa ndili napo.

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Mukamuimbira foni musamukalipire, ndi mwana wabwino, anangotengera makani kuchikazi. Ngati kumeneko kumapezeka mankhwala opaka a mafupa aja munanditumizira kale, nditumizireniko, dzanjali limandikumbutsa kukamabwera mvula. Dzulo ndinapita kudziwe kuja, ndinaona tiana tisanu ndi tiwiri. Tina tabisala, sindikukayika. A Imrich akupereka moni, akuti akukumbukirabe kuti munawakana gule paukwati wanga.

Chomaliza, akulu anga. M'kalata yanu ya mu Malichi, mutatha kutamanda chakudya ndi kufunda kwa kumeneko, pansi penipeni munalemba timawu ting'onoting'ono kuti mazenera a kwanuko satseguka. Mwina munangolemba. Ine ndinawerenga kanayi. Papita zaka pafupifupi makumi asanu chichokereni kuno, ndipo sindikufunsani kanthu za zimenezo. Ndingokuuzani kuti bedi lathu lija lilipo, zenera lake limatseguka ndi chala chimodzi, ndipo ukalitsegula umamva kamtsinje. Masitepe tsopano ali ndi chogwirira, ngakhale inu mutha kutsika. Sutikesi ija sindinaibwezere pamwamba pa kabati. Rado wati ngati mungavomere, ine ndi iye tidzabwera kudzakutengani nayo mu Juni, tiana tija tisanatuluke m'madzi. Mkaka ndidzanyamula ndine, inu mudzangokuwa.

Ambuye akusungeni mpaka ndidzakuoneni ndi maso angawa.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja, amene utsi ukutulukabe pachumuni chake,

Gizela.